Kabokosi kakuda ka kuseri kwa firiji, ndi amisiri a ku Kapata

Firiji yathu inayamba kudwala mu Okutobala 2024, mwezi umene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Siinafe mwadzidzidzi ayi. Ukatsegula chitseko getsi la mkati limayaka bwinobwino, koma kuseri imangoti ng'uuu kwa kamphindi, kenako tcha! n'kukhala zii. Pakapita mphindi ziwiri kapena zitatu iyambirenso: ng'uuu, tcha! Mkati muli fuu ngati m'kabati ya zovala.

Ine firiji imeneyi si yokongoletsera pabalaza. Ndimakhala ku Mchini, m'Chipata muno, ndipo ndimagulitsa mafiriziti kwa ana a sukulu ndi thobwa lozizira kwa anyamata a njinga amene amadikira anthu pamphambano ya kwathu. Sopo, mchere ndi makope a ana zimachokera m'menemo. Chaka chimenecho munthu aliyense wa m'Chipata akuchikumbukira. Mvula inakana, mu Febuluwale a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse, madzi ku Kariba anatsika, ndipo magetsi anasanduka mlendo wobwera usiku anthu atagona. Maola ochepa amenewo ndi amene ndimadalira kuti mafiriziti aume. Ndiye taganizani, magetsi abwera 11 koloko usiku, anansi akuthamangira kusita ndi kutchaja mafoni, ine ndangokhala pampando kumvetsera ng'uuu, tcha.

Woyamba kuiona anali mnyamata wina woyendayenda ndi chikwama cha zipangizo. Anaika chikhato pambali pa firiji, napendeketsa mutu ngati sing'anga akumvetsera mizimu, nati, "Amayi, apa gasi watha. K600 ndikuthirirani lero lomwe." Sanaikoke n'komwe kuti aone kuseri. Ndalamayo ndikanakhala nayo m'chitenje ndikanapereka, chifukwa mawu akuti gasi watha timawamva kwa aliyense, mpaka tinawazolowera ngati kuti firiji imadya gasi monga galimoto imadyera petulo. Umphawi unandipulumutsa tsiku limenelo.

Abambo a kunyumba ndi kalipentala, ndipo amakhulupirira kuti chilichonse chomangidwa ndi sikulu chinapangidwa kuti iwo achimasule. Loweruka m'mawa anaizula pa soketi, naikokera pakati pa nyumba, nagwada kuseri. Pansi pali chimphika chakuda chachitsulo chija, chimene tsopano ndikudziwa kuti ndi kompresa, yopopa gasi woziziritsa. Pambali pake panali kachivundikiro ka pulasitiki kogwidwa ndi kawaya kopindika. Atakachotsa anapeza tinthu tiwiri tolowa m'tizitsulo titatu totuluka m'chimphikamo. Kena kanali kozungulira ngati chitsekerero cha botolo. Kena kanali kabokosi kakuda, kochepa kuposa bokosi la machesi, konunkha ngati pulasitiki yogwera pa mbaula. Atakagwedeza pafupi ndi khutu kanati chekecheke, ngati muli timiyala.

"Wakuba ndi uyu," anatero. Koma dzina la wakubayo panalibe wolidziwa. Mwana wathu wamkulu anakajambula ndi foni n'kufufuza pa intaneti, ndipo zinatuluka zithunzi za tinthu takuda tofananafanana, tina ta makina ochapira, tina ta mafani, mpaka mabandulo anatha tisanamve mutu wake. Choipa china, abambo anali atazula mawaya onse osayamba aona kuti uyu amalowa pati, uyo pati.

Anakulunga kabokosiko m'pepala n'kupita nako ku Down Shops. Sitolo yoyamba anati alibe. Yachiwiri anakatembenuzatembenuza n'kunena kuti akafunse kwa okonza mawailesi. Yachitatu mnyamata wogulitsa anatsegula dirowa, natulutsa kena kakuda, nakaika pambali pa kathu, nati ndi kamodzimodzi. K80. Atafika nako kunyumba tinaona kuti kathu kali ndi timiyendo titatu tolowetsapo mawaya, katsopanoko kamodzi kokha. Mawaya atatu, mwendo umodzi. Abambo anayang'ana, nakanda m'mutu, nati mwina ena aja ndi ongowonjezera. Ine ndinati, bambo, firijiyi tinaigula movutika, musaisandutse thabwa loyeserapo misomali.

Mnzanga wa ku Chigwirizano ndiye anandilozera kwa amisiri amene ndikufuna kukuuzani. Malo awo ali cha kumbuyo kwa msika wa Kapata. Chikwangwani palibe. Chizindikiro chake ndi mafiriji akufa ondandalikidwa panja ngati ng'ombe pa dibi, ina yopanda chitseko ili ndi nkhuku yofungatira mazira mkati. M'kati mwa kashopuko ndi mdima ndi fumbi, makompresa odula ali mulu pakona, mabotolo a gasi, ndi zitini za mkaka zodzaza tizipangizo. Pokhala palibe, ndinakhalira firiji yogonekedwa chammbali. Eni ake ndi bambo wachikulire wa imvi, magalasi omangidwa ndi waya wa kopa mbali imodzi. Anati ntchitoyi anaiphunzirira ku Migodi ali mnyamata.

Ndinawapatsa kabokosi kathu. Sanafunse kuti firijiyo ndi ya mtundu wanji. Anakagwedeza kamodzi, namwetulira, nanyowetsa chala chachikulu ndi malovu n'kupukuta pambali pake pamene ife timaona ngati ndi mwaye chabe. Panatuluka zilembo. Anapita nako pakhomo pali kuwala.

"QP2-15. Mayi, kameneka dzina lake ndi relay. Nanga katsopanoko kali kuti?"

Ndinawapatsa. Anawerenga: 4R7. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Aka ndi ka mafiriji a magetsi a mavoti 110, monga a ku America. Ife kuno magetsi athu ndi 230. Amene anakugulitsaniyo anayang'ana nkhope, sanafunse mfunda."

Apa ndi pamene ndinawakondera amisiri amenewa, ndipo ndikhalapo pang'ono, chifukwa ambiri okonza zinthu amabisa nzeru ngati mankhwala a chitetezo. Iwo anatenga sikuludiraiva n'kukanula kabokosi kathu kakale ine ndikuona. M'kati munalibe zodabwitsa. Munali tizitsulo tiwiri topana kanthu kozungulira ngati kandalama ka 10 ngwee, kotuwa, kooneka ngati phale la mbiya. Kathu kanali katasweka zidutswa zinayi, m'mphepete mutapserera. Chekecheke uja ndi zidutswa zimenezo.

Anafotokoza motere, ndipo ndikubwereza monga ndinamvera. M'kati mwa kompresa muli mota, ndipo motayo ili ndi mikombero iwiri ya waya. Wina ndi wogwira ntchito nthawi yonse. Wina ntchito yake ndi kukankha poyambira basi, monga anyamata amakankhira minibasi yofooka batire, ikangolira iwo n'kusiya. Kaphale kaja ndiye kapitawo wa okankhawo. Kakakhala kozizira kamalola magetsi kudutsa kupita ku waya wokankha. Magetsiwo akamadutsa kamatentha msangamsanga, ndipo kakatentha kamatseka njira, wokankha n'kupuma, mota n'kumapitiriza yokha. Zonsezi zimachitika munthu asanamalize kunena kuti zikomo. Nambala 15 ija ikunena kuchuluka kwa ma ohm, muyeso wa mmene kaphaleko kamakanizira magetsi, kakadali kozizira. Tilipo ta 12, ta 22, ta 33, ndipo 4R7 ndiye kuti 4.7.

"Nanga tcha uja ndi chiyani?" ndinafunsa.

"Ameneyo ndi mlonda. Kozungulira kaja munakasiya kunyumba, dzina lake overload. Mota ikalephera kunyamuka imangong'ung'udza n'kumakoka magetsi ochuluka. Mlondayo ali ndi kachitsulo kamene kakatentha kamapindika n'kudula magetsi. Ndiye tcha. Kakazizira kamabwerera, mota iyesenso, ilepherenso. Pakanapanda iyeyo bwenzi kompresa yanu itapsa usiku woyamba."

Anawonjeza chinthu chimene chinandigwira mtima, chifukwa ndinazindikira kuti inenso ndinathandiza kuipha relay yathu. Kaphale kaja kakatentha kamafuna mphindi zingapo kuti kazizire. Gasi wa m'mapaipi nayenso amafuna nthawi kuti mphamvu yake ilingane mbali zonse kompresa ikaima. Tsono magetsi akathima n'kuyakanso pompopompo, monga amachitira nthawi zina akamabwera, mota imauzidwa kunyamuka wokankha palibe, katundu ali pamutu. Ine magetsi akangoti ng'ani ndimathamangira kuyatsa firiji, akaphethira ndiyatsenso, poopa kutaya ngakhale mphindi imodzi.

Ndinati chabwino, ndigulitseni ka 15 ndizipita. Anakana. Anati sagulitsa relay asanayeze kompresa, chifukwa ngati mawaya a m'kati anapsa, relay yatsopano ipsanso, ndipo ine ndidzayenda m'Kapata monse kunena kuti mdala uja amagulitsa zabodza. Analonjeza kubwera 2 koloko masana tsiku lomwelo.

Anabwera mawa lake cha m'ma 4.

Limeneli ndiye vuto lawo lalikulu, ndipo sindibisa. Nthawi kwa amisiriwa ndi mphekesera. Ndinasiya kupita kukaoda shuga kudikira iwo, foni yawo yozima, ndipo atafika sanapepese n'komwe, anangoti kunabwera firiji ya butchala yodzaza nyama. Ndikumvetsa kuti nyama ya ng'ombe yathunthu imaposa mafiriziti anga, komabe uthenga wa pafoni sudula chala.

Koma atagwada kuseri kwa firiji mkwiyo unaphwa. Anabwera pa njinga ndi kamnyamata kophunzira ntchito. Choyamba anayang'ana ngati pulagi yazulidwa, ngakhale magetsi kunalibe, nati magetsi a masiku ano sagogoda pobwera. Anatulutsa mita yawo yachikasu yong'ambika pakona, nagusitsa nsonga zake pa tizitsulo titatu ta kompresa, tiwiritiwiri. Nambala iliyonse amailemba pansi pa simenti ndi khala la pa mbaula yanga: 17, 24, 41. Anaitana mtsikana wathu wa giredi 5.

"Iwe, 17 kuphatikiza 24?"

"41."

"Wamva mayi ako? Kompresa ndi yamoyo."

Anati ziwiri zazing'ono zikaphatikizidwa zizipereka yaikuluyo, ndiye kuti mikombero yonse iwiri ndi yolumikizana bwino. Kenako anapala utoto pang'ono pa chimphikacho, nayeza pakati pa kachitsulo kalikonse ndi thupi la kompresa. Mita inangokhala duu. Anati ikanawerenga kanthu pamenepo ndiye kuti magetsi akudonthera ku thupi la firiji, ndipo bwenzi tikukamba za kompresa ina, ndalama zoti munthu ayambe wagulitsa mbuzi. Anayezanso kachubu kena kamene kanali kolendewera pa mawaya awiri mwa atatu aja, kapasita, kothandizira mota, nati kali bwino. Ndiye chifukwa chake relay yathu inali ndi miyendo yambiri. Kapasitayo amalowa pamenepo.

Za gasi ndinafunsa dala, osanena kuti wina anandiuza kale. Analoza kapepala komatidwa pa kompresa polembedwa R600a. Anati gasi wa m'firiji amangozungulira m'mapaipi otsekeka, sathera ntchito, amachoka pokhapokha paipi itaboola. Firiji yotaya gasi kawirikawiri kompresa yake imalira osapuma koma osaziziritsa, ndipo pamene paboola pamaoneka mafuta. Anayendetsa chala m'malumikizo onse a mapaipi n'kundionetsa, fumbi lokhalokha louma. Anandichenjezanso kuti R600a amayaka moto, ndisamakokote ayezi ndi mpeni. Pamenepo ndinayang'ana kumbali, poti mpeni wa ntchito imeneyo unali pamwamba pa firiji pomwepo.

Abambo a kunyumba analandira gawo lawo. "Achimwene, mukamamasula chinthu cha mawaya, yambani mwajambula ndi foni. Inu mukaphwasula mpando mumaika chizindikiro pa miyendo, sichoncho?" Mawu oona, koma anawanena pamaso pa ana, ndipo abambo sanadye bwino nsima usiku umenewo. Mwayi wake kuseri kwa firiji kuli chithunzi cha kayendedwe ka mawaya chomatidwa ndi opanga, chimene ife zaka zonsezi timachiona ngati zokongoletsa. Amisiri anachipukuta ndi nsanza nachiwerenga ngati kalata yochokera kumudzi.

Tsono relay ya 15 analibe. M'chitini chawo munali ya 22 ndi ya 33 zozula m'mafiriji akufa. Ananena mosabisa kuti ya 22 mwina ikhoza kuinyamula, ndipo ambiri amangoika iliyonse yalowa, koma iwo safuna za mwina pa kompresa imene yavutika kale mausiku angapo, pamene magetsi akubweranso ofooka. Anati aitanitsa kwa munthu wawo wa ku Kamwala ku Lusaka, aitumize pa basi, masiku awiri. Anakhala asanu. Lusaka ndi kutali, makilomita opitirira 500 pa Great East Road, koma mabasi amabwera tsiku ndi tsiku, ndiye kuchedwako sindikuikira msewu. M'masiku amenewo ndinataya makasitomala a thobwa kwa mayi wina wa kutsidya kwa msewu, ndipo ena sanabwerere mpaka lero.

Tsiku loika linali lachidule. Anabweretsa relay ndi overload zonse zatsopano, nati mlonda amene wakhala akumenyedwa usiku ndi usiku sayenera kudaliridwanso. Anandionetsa nambala pa katsopanoko ndisanafunse, nayezanso ndi mita pamaso panga, inawerenga pafupi ndi 15. Kulowetsa, kulumikiza mawaya, kubwezera chivundikiro, sizinathe mphindi 20. Anauza kamnyamata kaja kusesa fumbi pa mapaipi akuda a kumbuyo, natiuza kuti firiji isamagunde khoma, pazitsala mpata wolowa dzanja kuti mphepo izidutsa.

Kuyesa kunalibe, magetsi kulibe. Ndinatulutsa ndalama, iwo analandira za zipangizo zokha. "Za manja mudzandipatsa ikazizira. Magetsi akabwera musathamange. Muwerenge mphindi zisanu, muone kuti babu layaka mokhazikika, ndiye muyatse."

Magetsi anabwera itangopitirira 12 usiku. Mphindi zisanu zimenezo ndinaziwerenga pa foni nditaimirira, chitenje chili m'khosi. Nditayatsa inati ng'uuu, ine mtima uli m'mwamba kudikira tcha. Sanabwere. Kulirako kunangosalala n'kumapitirira. Ndinagwira mapaipi a kumbuyo, anayamba kufunda kuchokera pamwamba. Ndinadzutsa abambo kuti nawonso agwire. Pofika m'mawa m'chipinda cha pamwamba munali mutayera chisanu.

Ndalama zinayenda chonchi: relay ndi overload K130, ya basi K40, ya manja K150. Zonse K320, kuphatikizapo maulendo awiri a kunyumba, amene sanawawerengere padera. Lisiti sapereka. Chitsimikizo ndi cha pakamwa, anati ikavuta isanathe miyezi itatu ndiwaitane. Sindinayese lonjezolo poti siinavutenso, ndiye sindinganene ngati amalisunga. Kamnyamata kawo sikanakhomere bwino kawaya kogwira chivundikiro, kanagwa patapita sabata, abambo anakabwezera okha, atayamba ajambula ndi foni.

Anandilangizanso kugula fridge guard, kachipangizo kolowetsa pa soketi kamene kamadikira mphindi zingapo magetsi akabwera kasanaipatse firiji, ndipo kamadula akatsika kapena kukwera mopitirira. Iwo sagulitsa, ndiye sindinaone ngati akundikokera ku malonda awo. Ndinakagula m'tauni mwezi wotsatira nditapeza ndalama. Tsopano kuwerenga mphindi kuja kamachita ndi iko, ine ndimagona.

Kodi ndingawatumizire munthu? Ndatumiza kale atatu. Mlamu wanga wa ku Navutika firiji yake inapezeka kuti kompresa inapsadi, ndipo anamuuza poyera kuti pa firiji yakale choncho ndalamayo ndi bwino aiwonjezere agule ina, osamudyera ya manja. Koma ngati muli ndi nyama ya ukwati imene ikufunika kuzizira lero, kapena ndinu munthu wokwiya msanga ndi foni yosayankhidwa, konzekerani mtima, kapena nyamulani firijiyo pa ngolo mukawakhalire pakhomo. Ndipo popita musapite chimanjamanja ndi mawu akuti kanthu kakuda. Tengani kakaleko, musakataye ngakhale katapserera, mujambulenso kapepala ka pa kompresa ndi mmene mawaya analowera. Ine nambala QP2-15 ndinailemba ndi inki pakhoma kuseri kwa firiji, pafupi ndi nambala ya foni ya amisiri, ija imene sayankha.

Ka 4R7 kaja abambo anabwerera nako ku Down Shops. Mnyamata wogulitsa analoza pepala la pakhoma lonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Kali m'chitini cha misomali ku shedi yawo mpaka lero. Ndikati tikataye amakana, akuti tsiku lina kudzabwera munthu wochokera ku America ndi firiji yake, adzamugulitsa K100.